Masika ndi Mgonero mwezi wa June: makwaya ayimbe angati?

Mlembi wa Sesheni:
Mwaswera bwanji atsogoleri nonse a mpingo wathu wa CCAP pa gulu lino. Sesheni, bwalo la akulu a mpingo, yatituma kuti tikonze pologalamu ya mwezi wa June tisanakumane Loweruka likudzali. Mwezi umenewu tili ndi masabata awiri olemera ogundizana: Lamulungu lachiwiri ndi la Masika, lopereka zokolola kwa Mulungu, lachitatu ndi la Mgonero wa Ambuye. Nthawi ndi zomwe zija, mapemphero a Chingerezi 6:30 mpaka 8:30, a Chichewa 9:00 mpaka 11:30. Koma makwaya omwe alembetsa kuti ayimbe tsiku la Masika akwana 9. Kwaya iliyonse ikayimba nyimbo 2 za mphindi 5, ndiye kuti ola ndi theka lathera pomwepo, osawerengera kudzuka pampando, kufola ndi kukonza mayikolofoni. Onjezanipo zolengeza, kulandira alendo, ndi kupereka masika mlaga ndi mlaga (mlaga ndi gulu la mabanja a mpingo a dera limodzi amene amapemphera pamodzi m'nyumba pakati pa sabata). Mlaliki atsala ndi chiyani? Ine ndikuti makwaya 4 okha, nyimbo imodziimodzi. Nenani maganizo anu.

Woyimbitsa Kwaya Yaikulu:
Taswera bwino a Mlembi. Koma apa ndiye mwatiponda chala. Ife nyimbo za Masika tinayamba kuphunzira Pasaka itangotha, anthu akubwera Lachiwiri ndi Lachisanu madzulo, ena wapansi kuchokera kuntchito. Mukati 4, asanu otsalawo mukawauza ndani? Ine sindipita.

Tcheya wa Achinyamata:
Funso langa ndi lakuti pa 4 amenewo praise team ili m'kati kapena ili payokha? Chifukwa ife mphindi 20 zathu zoyambirira zija tinagwirizana kale chaka chatha.

Tcheya wa Mvano:
Ana anga, tiyeni tiyambe talongosola kuti amayi a Mvano sitili pa mndandanda wa makwaya. Ife tikamayimba tsiku la Masika timakhala tikuperekeza zopereka, madengu ali pamutu, kuchokera pakhomo mpaka kutsogolo. Nthawi yathu ndi yomweyo ya zopereka. Musatichotsere ngati tatenga malo a wina.

Mlembi wa Sesheni:
Amayi, Mvano sindinaiwerengere pa 9 paja. A Tcheya a achinyamata, praise team nayo sindinaiwerengere, ndiye onani kuti zinthu zaipa kuposa mmene ndinanenera.

Mtumiki wa pakhomo:
Ine ndimaima pakhomo Lamulungu lililonse, ndiye ndimaona nthawi imene anthu amayamba kutuluka. Satuluka pa nthawi ya makwaya ayi. Pa makwaya ngakhale amene anali panja amalowa. Amatuluka pa zolengeza. Sabata latha zolengeza zinayamba 9:40, kutha 10:15. Tinamva mayina a onse amene anasonkha za simenti, mmodzimmodzi ndi ndalama zake, kenako kalata ya ku Presbytery, bwalo loyang'anira mipingo ya dera lino, yonse yathunthu mpaka moni wa kumapeto, kenako maukwati, kenako munthu wa mlaga uliwonse kudzanena za mlaga wake. Pamene mlaliki ankatsegula Baibulo, amayi a ana anali atayamba kale kumanga nsalu, ndipo a minibasi kumsewu anali atapeza makasitomala. Tisanamizire makwaya okha.

Msungichuma:
Achimwene, za mayinazo musazitenge mopepuka. Tinayesapo kusiya kuwerenga, mwezi womwewo anthu atatu anandipeza kunyumba kudzafunsa ngati ndalama zawo zinafika. Munthu akapereka kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, alibe lisiti ya mpingo m'manja, amafuna amve dzina lake kuti mtima ukhale pansi. Si onse amene amafuna kutchuka. Ena akungofuna umboni, ndipo ine amene ndimagwira thumba umboniwo umanditchinjiriza.

Mtumiki wa pakhomo:
Ndiye timate pepala pa bolodi, aliyense akadziwerengere.

Msungichuma:
Agogo osaona bwino aja akawerenga bwanji pa bolodi?

Mphunzitsi wa Sande Sukulu:
Ndilowepo pang'ono za ana. Sande sukulu imatha 10:30. Mapemphero a akulu akafika 12:30, ana aja timakhala nawo maola awiri owonjezera pansi pa mtengo, opanda madzi, opanda chochita, ena akulira njala. Aphunzitsife ndife anthu 4, ana amadutsa 100. Tsiku la Masika ana akonza ndakatulo ndi kasewero kakafupi ka pa Deuteronomo 26, munthu wobwera ndi zipatso zoyamba mumtanga kwa wansembe. Ndikupempha kuti ana akhale oyambirira, asanafooke. Chaka chatha anawaika kumapeto, theka anali atagona.

Mkulu wa Mlaga wa Kumtunda:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano mundilole nditalikitse pang'ono.

Tonse tikukangana za mphindi za Lamulungu ngati kuti mpingo umakhalako tsiku limodzi lokha pa sabata. Bwanji munthu wa mlaga uliwonse amafuna kudzaima kutsogolo kulengeza? Chifukwa ku mlaga kwakeko Lachitatu kunafika anthu 6. Akalengeza kumeneko amva ndani? Bwanji mayina a osonkha akuwerengedwa mu tchalitchi? Chifukwa mkulu wa mlaga, amene anayenera kubwera ndi kope lake n'kuwerengera anthu ake pakhonde, sakumana nawo. Ngakhale makwayawa, atatu mwa 9 amenewa ndi a m'milaga, anabadwa kuti aziyimba ku mapemphero a m'nyumba ndi pa maliro a m'dera lawo. Kumeneko kwazilala, ndiye onse athamangira ku Lamulungu. Katundu yense wa masiku 6 tikumusenzetsa tsiku limodzi.

Ine ndinakulira ku Sinodi ya Nkhoma, chakufupi ndi Mvera, ndinasamukira kuno ndi kalata ya mpingo ndili kale bambo. Kwathuko mbusa mmodzi amakhala ndi nyumba za mapemphero zambirimbiri, kwina amafikako pa Mgonero pokha. Amene amadziwa kuti uje wadwala, uje wasiya kalasi, banja la uje lagwedezeka, ndi mkulu wa mpingo wa m'mudzimo pamodzi ndi amayi a Chigwirizano, amene kuno timati a Mvano. Nkhani zambiri zimathera komweko, sizifika n'komwe pa guwa.

Ndiye chotsani makwaya ngati mufuna, koma chaka chamawa tidzakhala pano kukangana zomwezi.

Woyimbitsa Kwaya Yaikulu:
Bambo mkulu mwalankhula. Ine ndikanakhala pafupi ndikanakugwirani chanza.

Mlembi wa Sesheni:
Mfundo yamveka bambo, koma milaga sitingaidzutse m'masabata atatu. Ine Loweruka ndikufunika kupita ndi pepala.

Tcheya wa Mvano:
Pepalalo mupita nalo a Mlembi, koma pa za milaga pali chimene abambo simuchidziwa, chifukwa sichikugwerani inu. Mapemphero akagwera kunyumba kwa munthu, amene amasowa tulo ndi mayi wa pakhomopo. Zinayamba bwino, wina anapereka madzi akumwa, wina thobwa. Kenako wina amene Mulungu anamudalitsa anatulutsa tiyi wamkaka ndi buledi wopaka majarini, wotsatira anawonjezera mandasi ndi zakumwa za m'mabotolo. Basi chinasanduka chizolowezi. Tsopano mayi wogulitsa tomato pamsika, wokhala m'chipinda chimodzi cha lendi, mukamuuza kuti Lachitatu tili kwanu, ayankha kuti ndidzachokapo. Sakuchokapo ayi, akuthawa manyazi. Ndipo akakana kulandira anthu kwake, amachitanso manyazi kupita kwa anzake kukamwa tiyi wawo. Ndi mmene anthu atsikira kufika 6.

Ife ku Mvano Lachinayi tinaikambirana nkhaniyi. Amayi ambiri anati sesheni ingolamula kuti ku mlaga kulibe chakudya, madzi okha. Likakhala lamulo la sesheni palibe amene achite manyazi, chifukwa ngakhale wolemera sadzaloledwa kutulutsa kapu.

Msungichuma:
Koma amayi, mlendo kufika pakhomo n'kuchoka kukamwa kuli gwa? Ku Malawi kuno?

Tcheya wa Mvano:
Sanabwere ngati mlendo, wabwera kudzapemphera. Akafuna tiyi abwere Loweruka payekha, timuphikira.

Mlongo wa ku Joni:
Moni kwa nonse kumudzi. Ndikadali pa gulu lino ngakhale ndinasamuka, musandichotse chonde. Kuno ku Johannesburg timapemphera m'holo yobwereka, ndiye nthawi ikakwana eni ake amafuna makiyi, kaya kwaya yatsala kaya sinatsale. Zolengeza zonse zimapita pa WhatsApp Loweruka usiku, Lamulungu mlembi amangotchula mitu. Poyamba anthu anadandaula, pano tinazolowera. Masika anga nditumiza kudzera kwa achemwali anga, alembedwe ku mlaga wa kumsika.

Msungichuma:
Zikomo achemwali, tilandira. Dzina tiwerenge kapena tisawerenge?

Mlongo wa ku Joni:
Werengani ndithu, amayi anga amve kuti mwana wawo sanatayike!

Tcheya wa Achinyamata:
Za nthawi ya mlaga nazonso muziganizire. 4 koloko Lachitatu ndani ali pakhomo? Amene ali pa ntchito mu Limbe kapena m'tauni amaweruka 5, kukwera minibasi, kufika kuno mdima wagwa, makamaka mwezi uno wa June dzuwa likulowa msanga. Otsala pakhomo ndi agogo ndi ana. Bwanji osaika Lamulungu 3 koloko masana? Kapena mlaga uliwonse usankhe wokha tsiku lake. Komanso kunena zoona, achinyamata ku mlaga timangokhala owerenga vesi ndi onyamula mabenchi. Mutatipatsa mlungu umodzi pa mwezi kuti titsogolere ife, tibwera.

Mkulu wa Mlaga wa Kumtunda:
Lamulungu masana lingatheke pokhapokha mapemphero a m'mawa atatha pa nthawi yake. Mukuona mmene ziwirizi zagwirirana? Za kutsogolera, kwanga ndavomera lero lomwe. Bwerani Lachitatu likudzali, mutenge pologalamu yonse, ine ndidzangotseka ndi pemphero.

Agogo, mkulu wa mpingo wopuma:
Akundilembera ndi mdzukulu wanga, ine maso anatha. Ndamva zonse.

Mishoni ya Blantyre inayamba 1876. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinatha kumangidwa 1891. Koma abusa oyamba achikuda a kuno, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, anadzozedwa 1911. Zaka zonse zapakatizo, ndi zambiri za pambuyo pake, azungu anali ochepa, abusa anali ochepa, koma mpingo unafalikira mpaka ku Domasi, ku Zomba, ku Mulanje. Anaufalitsa ndani? Aphunzitsi a m'midzi ndi akulu a mpingo oyenda pansi, khomo ndi khomo. Pamene Blantyre ndi Livingstonia anagwirizana kupanga CCAP mu 1924, Nkhoma n'kulowa 1926, anatcha mpingowu wa Chipresbiteriyani chifukwa umayendetsedwa ndi akulu, osati munthu mmodzi.

Tsono ndifunse za Mgonero, poti nonse mwatanganidwa ndi Masika. Makadi a Mgonero mukugawa bwanji masiku ano? M'nthawi yathu mkulu ankatenga makadi a anthu ake n'kuyenda nawo sabata yonse. Ufika pakhomo, ukhala pansi, ufunsa za moyo. Pamenepo ndi pamene umamva kuti awa sakulankhulana ndi mnansi wawo chifukwa cha malire, ndiye uwayanjanitse lisanafike Loweruka la mapemphero okonzekera. Umapezanso wodwala amene sangathe kuyenda, n'kukauza abusa kuti amutengere Mgonero kunyumba. Pano ndikumva kuti makadi amaikidwa pa tebulo pakhomo la tchalitchi, aliyense azifufuza lake. Ngati zili choncho, mwasunga khadi koma ntchito ya khadiyo mwaitaya.

Za makwaya, ayimbe, koma Nyimbo za Mulungu musazichepetse. Kwaya ikamayimba ife timangomvera. Nyimbo ya m'buku timayimba tonse, ngakhale ine wosaona ndimaidziwa pamtima.

Mtumiki wa pakhomo:
Agogo, za tebulozo ndi zoona, ndimaliyala ndine. Makadi ena amakhala pamenepo Mgonero uwiri osatengedwa, ndipo palibe amafunsa kuti mwini wake ali kuti.

Mlembi wa Sesheni:
Zikomo agogo. Izi ndiye tingathe kuchita mwezi uno womwe popanda kudikira chilichonse. Makadi ndiwapatula mlaga ndi mlaga, mkulu aliyense adzatenge ake Lamulungu la Masika, ayende nawo, ndipo Lachisanu andipatse mayina a odwala ndi okalamba oti abusa akawayendere. Tebulo lija lisayalidwe.

Mkulu wa Mlaga wa Kumsika:
A Mlembi, kunena n'kosavuta. Mlaga wanga uli ndi mabanja oposa 60, ambiri a lendi, amasamuka osatsanzika. Ine ndimatseka shopu 6 koloko. Sabata imodzi ndiyenda makomo angati?

Tcheya wa Mvano:
Simuyenda nokha bambo. Amayi a Mvano a m'dera lanu amadziwa khomo lililonse, ngakhale amene anasamuka dzana amadziwa kumene analowera. Tengani awiri akutsogolereni, ndi mtumiki mmodzi. Koma mlaga wa mabanja 60 ndi waukulu kwambiri, uyenera kugawidwa pawiri. Nanga pakhonde la ndani pangakwane anthu onsewo atati abwere?

Mkulu wa Mlaga wa Kumsika:
Kugawa ndiye ndakhala ndikupempha. A Mlembi lembani.

Msungichuma:
Tibwerere ku Masika pang'ono, pali zofunika manja. Chaka chatha chimanga china chinabwera chisanaume bwino, tinachiunjika m'chipinda chosungira katundu, pofika September anankafumbwe anali atachita phwando, china chitachita nkhungu. Chaka chino thumba lililonse tiliyeze pa sikelo pakhomo, tilembe mlaga wake, ndipo wina wodziwa alume njere. Ikaphwanyika ndi phokoso chauma, ikangofinyika chikayanikidwe kaye pa lona. Choti tisunge chilowe m'matumba a PICS aja osalowa mpweya, safuna mankhwala bola kumanga bwino mkati ndi kunja. Zowola msanga, monga tomato, nthochi, masamba ndi mapapaya, zigulitsidwe tsiku lomwelo. Nkhuku zimangidwe miyendo zikhale pamthunzi panja, zisalowe mu tchalitchi. Tambala uja wa chaka chatha anayankha mlaliki katatu.

Mphunzitsi wa Sande Sukulu:
Ana mpaka lero amamukumbuka tambala ameneyo kuposa ulaliki.

Tcheya wa Mvano:
Musanagulitse zonse mutipatulire gawo. Tili ndi okalamba ndi amasiye amene timawayendera, komanso mwezi wa July tikufuna kukacheza ndi odwala ku Queens ndi akaidi ku Chichiri. Ufa, nyemba, sopo ndi mbatata ndi zimene timanyamula. Gawo la ku manse, kunyumba ya abusa, lipatulidwenso pooneka, lisachite kutsalira zosankhidwa kale. Za Mgonero, nsalu zoyera tichapa ndi kusita ife monga mwa nthawi zonse, timakapu titsuka Loweruka mapemphero okonzekera akatha, buledi adula akulu a mpingo ku chipinda chawo cha vestry. Koma timakapu tachepa, tina tinasweka. A Msungichuma mumve.

Msungichuma:
Ndamva amayi. Muwerenge totsala mundiuze.

Woyimbitsa Kwaya Yaikulu:
Tsono za makwaya tatha bwanji? Ine ndili ndi ganizo. Kugulitsa masika kumachitika panja mapemphero akatha, ndipo anthu amabalalika msanga chifukwa palibe chowagwira. Bwanji makwaya amene sayimba m'kati ayimbe panja pa nthawi yogulitsayo? Woitanira mitengo agulitse nzimbe ndi maungu, kwaya iyimbe, agulitse nkhuku, ina iyimbe. Anthu akhala, katundu ayenda, ndipo palibe amene waphunzira nyimbo pachabe. Kumeneko ngakhale nyimbo 3 ayimbe. Koma osankha oyimba m'kati asakhale ine kapena a Mlembi. Tilembe mayina pa timapepala, mwana wa Sande sukulu atole.

Tcheya wa Achinyamata:
Ganizo limeneli ndi labwino. Masipika titulutsa panja ndife. Praise team titsika kufika mphindi 10 tsiku limenelo lokha, ndanena lokha. Komanso tikupempha kuti tigulitse mandasi ndi thobwa pambali, ndalama zake zipite ku ulendo wathu wa ku Likhubula, ku Mulanje, pa holide ikubwerayi.

Mkulu wa Mlaga wa Kumtunda:
Mphindi 10 zili bwino, koma mwana wa pa kiyibodi uja mumuuze kuti nyimbo ya m'buku si ya iye yekha. Akakweza, mpingo umasiya kuyimba n'kumangoyang'ana. Vesi imodzi azisiya anthu ayimbe ndi mawu okha, amve mmene tchalitchi chimadzazira.

Tcheya wa Achinyamata:
Bambo, sipika imene ili pafupi ndi benchi ya akulu a mpingo ndi imene imakuvutani. Tiisuntha. Tikatsitsa kwambiri akumbuyo samva.

Mkulu wa Mlaga wa Kumtunda:
Isunthe, koma vesi imodzi ija ndaipemphabe.

Abusa:
Mtendere ukhale nanu nonse. Ndinali ku maliro tsiku lonse, ndangomaliza kuwerenga. Musade nkhawa kuti ndikufuna ola lathunthu. Paulo anatalikitsa ku Trowa mpaka pakati pa usiku, Utiko anagwa pazenera, ndipo ine mphatso youkitsa anthu ndilibe. Mphindi 30 zindikwanira, bola zikhale pamene anthu akadali ndi mphamvu, osati 12 koloko itadutsa. Za makadi ndagwirizana ndi agogo kotheratu, ndipo Lachisanu ndi Loweruka m'mawa ndazipatula kuti ndiyendere odwala. Za chakudya ku milaga, kugawa mlaga wa kumsika ndi kusintha tsiku, gulu lino silingagamule, zipite ku sesheni. Amayi a Mvano, mundilembere mfundo yanu ija mwachidule kuti a Mlembi akaiwerenge mmene mwainenera.

Mlembi wa Sesheni:
Zikomo abusa. Pepala la Masika ndalikonza motere: akulu a mpingo kukumana ku vestry 8:40, kulowa 9:00, praise team mphindi 10, nyimbo ya m'buku ndi pemphero, ana a Sande sukulu, makwaya 2, zolengeza mitu yokha, mawu a Mulungu ndi ulaliki, makwaya 2 enawo, kenako masika mlaga ndi mlaga amayi a Mvano akutsogolera. Makwaya 5 otsala panja. Mayina a opereka akawerengedwe ku milaga Lachitatu lotsatira, a Msungichuma apereka mapepala kwa akulu.

Msungichuma:
Ndavomera kuyesa kamodzi. Akandipeza kunyumba ndiwalozera kwanu a Mlembi. Ndipo dzina la achemwali a ku Joni ndilonjeza kuti limveka.

Woyimbitsa Kwaya Yaikulu:
Funso lomaliza. Kwaya Yaikulu nayo ilowa m'timapepala, kapena malo ake ndi okhazikika?

Mtumiki wa pakhomo:
Ganizo la timapepala munabweretsa ndinu achimwene.

Woyimbitsa Kwaya Yaikulu:
Ndinanena za makwaya enawo.

Tcheya wa Mvano:
Ilowe basi. A Mlembi, mafuta a jenereta alipo? Magetsi akathima panja paja masipika sagwira. Ndipo sikelo ija ili kwa ndani?

Mkulu wa Mlaga wa Kumsika:
Sikelo ili ku shopu kwanga, ndibwera nayo Loweruka. Lona ndilibe, wina apeze.